Kajeti m'Thumba la Teni

1. Kudzala

Teni anaipeza kabuleta ya malemu bambo ake ili kudzala, pakati pa zitini za oyilo ndi zidutswa za matayala. Nkhuku zinali zitaipalasira kale dothi. Anaitola, n'kuipukuta mwaukali ndi mkono wa ovolosi.

Mtsikanayu anali atangomaliza sukulu ya sekondale, ndipo ankaphunzira umakaniko pagalaja ya amalume ake. Dzina loti Teni anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa sipanala ya nambala teni, ija imasowa m'galaja iliyonse, kwa iye inkangokhalira m'thumba.

Kabuleta ndi chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya injini isanameze. Imeneyi inali ya pikapu yakale imene bambo ake anasiya, galimoto yomwe inkadyetsa banja lonse ponyamula simenti, mchenga ndi katundu wa anthu osamuka. Itayamba kuvuta, Teni anaithera tchuthi chonse. Anaimasula, anatsuka timabowo take, anadula ndi manja ake gasiketi yatsopano yotchinga kuti petulo asadonthe, n'kuisiya pashelefu kuti ikamangidwe. Lero ndi iyi, kudzala.

Analowa nayo m'galaja ali wefuwefu.

Pikapu ija inali pomwepo, boneti ili yasa. Pambali pake panaima mchimwene wake wamkulu, amene ankaiyendetsa chimwalirireni bambo awo. Aliyense ankamutchula Hutala, ndipo amene anamupatsa dzinali sanalakwitse. Munthuyo ankayamba kumveka asanaoneke.

"Achimwene, wataya ichi kudzala ndani?"

"Ndine," anayankha Hutala osatembenuka n'komwe. "Zinyalala kwawo n'kuti?"

"Ndaikonza ine imeneyi. Simunaiyese n'komwe."

"Ndiyese chiyani? Iwe, galimoto si chidole choti uziphunzirirapo. Ine ndagula yatsopano, ya m'katoni. Tatchera khutu."

Anakoka waya wa moto, injini n'kubangula mpaka malata a galaja ananjenjemera. Pamwamba pa injinipo panali kabuleta yonyezimira ngati supuni yatsopano.

"Wamva? Kumeneko ndiye kulira kwa galimoto, osati kukhosomola kuja." Kenako anatembenukira amuna awiri amene ankadikira magalimoto awo pabenchi. "Mwamuona mlongo wangayu? Zala zoluka tsitsi izi, koma wakakamira girisi. Kunyumba sopo sakhalitsa chifukwa cha iyeyu."

Amunawo anaseka. Sikuti zinali zoseketsa kwenikweni, koma anthu odikira galimoto amaseka chilichonse.

Teni anakweza kabuleta ija m'mwamba, maso ali pagalasi lakutsogolo la pikapu.

"Tsitsa dzanja limenelo."

Anali amalume, akutuluka kunsi kwa minibasi imene ankakonza. Anali munthu wamfupi, wa imvi, wosakonda kubwereza mawu. Teni anatsitsa dzanja, koma mtima sunatsike.

2. Pangano

Masana amayi anabwera ndi chakudya, n'kupeza ana awo atafulatirana. Anakhala pa tayala lakale n'kuusa moyo.

"Alongo, ine ndatopa," anatero kwa amalume. "Ana awiriwa kunyumba sapatsana ngakhale moni. Wamkulu akalowa, wamng'ono atuluka. Azakhali awo akufuna munthu kusaluni kwawo, ndipo akhala akufunsa. Mtsikanayu apite kumeneko, mwina m'nyumba mwanga mungalowe mtendere."

"Ine sindipita," anatero Teni.

"Ukuyankha ndani choncho?" anakalipa Hutala.

"Sindikulankhula ndi inu."

Amalume anasamba m'manja pang'onopang'ono, anapukuta chala chimodzichimodzi, onse akudikira.

"Mlongo wanga, mkangano uwu wayambira pa galimoto, ndiye tiifunse galimotoyo. Uyu akuti yatsopano ndiye yamphamvu. Uyu akuti imene wakonza ndiye yabwino. Mawa tikayese onse awiri. Ya Teni ikakoka kuposa inzake, mwanayu akhala pano, ndipo ndidzamulembetsa mayeso a umakaniko. Ikagonja, ndimuperekeza ndekha kusaluni. Mwavomera?"

"Ine ndavomera ndi manja awiri," anatero Hutala akuseka. "Azakhali ayambiretu kumusokera epuloni."

"Ndavomera," anatero Teni.

Anavomera mothamanga, ndi mtima wapachala. Mawuwo atatuluka m'pamene anazindikira kuti waika moyo wake wonse pa kachitsulo kotoledwa kudzala.

3. Makina a Anthu Osauka

M'mawa mwake, ana awiriwo pofika pagalaja anapeza pikapu palibe. Patapita kanthawi amalume anatulukira nayo, kumbuyo kuli matumba a mchenga. Anati amakaona ngati msewu uli bwino. Palibe anafunsa zambiri.

Anawakhazika pabenchi ngati ana a sukulu.

"Mundimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Kumagalaja akuluakulu kuli makina oyezera mphamvu. Galimoto imakwera pa zitsulo zozungulira, n'kumathamanga ili pamalo amodzi, makinawo n'kumakuuza zonse. Ife makina amenewo tilibe, ndipo sitidzakhala nawo. Makina athu ndi chitunda cha kusukulu chija.

"Tiziyambira pamlatho. Pagalasi la sipidi ndalembapo kamzere ka choko. Muvi ukafika pakamzerepo uli m'giya yachitatu, uponde moto mpaka pansi, ndipo giya usasinthe. Galimoto izikwera mpaka pamene iyambe kunjenjemera, kupempha giya ina. Pamenepo ine ndiponya njerwa pawindo. Kabuleta imene njerwa yake yagwera kumtunda kwambiri ndiyo yapambana.

"Zina zonse zikhale chimodzimodzi. Matumba omwewo, mpweya wa m'matayala womwewo, petulo yemweyo, dalaivala yemweyo, injini yotentha mofanana. Ukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, galimoto ikayenda bwino sudziwa choyamika, ikavuta sudziwa chotukwana. Umangokhala waotcha mafuta pachabe.

"Ndipo iwe Hutala, usadziwe kuti m'kati muli kabuleta iti. Khutu limanama. Galimoto yaphokoso imamveka ngati yothamanga. Phazi nalonso limanama. Munthu akadziwa kuti muli chinthu chake, phazi limalemera lokha, mwini wake osazindikira. Womanga akhala Teni, ndipo asankha yekha yoyamba. Ife tikakhala kuseri kwa golosale ya pamlatho."

Hutala anadzambatuka. "Amalume, zimenezo ndiye ayi. Iyeyu amange yanga ali yekha? Nanga akaiseweretsa?"

"Khala pansi. Mwanayu ndamuphunzitsa ndine. Ukali ali nawo, anatengera bambo ake, koma wakuba ayi. Ndikumuikira kumbuyo ndine."

Kenako anatsegula bokosi la masipanala n'kutulutsamo kachitini. M'menemo anatengamo kachitsulo kachikasu, kochepa ngati njere ya chimanga, kokhala ndi bowo pakati.

"Iyi ndi jeti, imakhala m'kati mwa kabuleta. Petulo amene injini imamwa pokwera phiri amadutsa pakabowo aka. Bowo likakula, galimoto imamwa mafuta, imatulutsa utsi wakuda, pulagi yoyatsa moto m'injini imada bii. Kumeneko n'kuwononga, koma injini sifa. Choopsa ndi bowo laling'ono. Injini imameza mpweya wambiri, petulo wochepa, ndipo moto wa m'kati umatentha kuposa muyeso. Pamalo athyathyathya suona vuto kwenikweni. Koma uisenzetse katundu, uikweze phiri lalitali, pisitoni imene motowo umakankha m'kati mwa injini imasungunuka pamutu mpaka kubooka.

"Ine ndinaionapo pisitoni yoti ungapisemo chala. Mwini galimotoyo anali bambo wa ndevu zake, wa ana kusukulu, koma anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumalira mokweza. Injini yakale ngati iyi ikafa imfa imeneyo sidzukanso, chifukwa zipangizo zake zinasiya kupezeka. N'chifukwa chake tikakwera, ndizizimitsa pomwepo n'kumasula pulagi imodzi, tidzaione bwino kuno. Yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ikayera mbee, ndiye kuti injini ikufa ndi ludzu."

Zonsezi Teni ankazidziwa. Anali atazimva kambirimbiri, moti akanatha kuzinena pamtima. Tsikulo maso ake anali pa Hutala, amene ankayasamula dala kuti mlongo wake aone.

4. Pamlatho

Chitunda cha kusukulu chinali chokhota. Kuchokera pamlatho, msewu unkadutsa pakhomo pa atelala, n'kukhotera kumanzere, kenako pampope, kenako pachipata cha sukulu chakumtunda kwenikweni. Woima pamlatho ankaona mpaka kwa atelala basi.

Amuna awiriwo anapita kuseri kwa golosale. Teni anachotsa kabuleta yonyezimira ija, anaikulunga m'saka, n'kumanga yake. Anamanga manati mosinthanasintha monga anaphunzirira, analumikiza paipi ya petulo ndi waya wa moto, analiza injini kuti itenthe, n'kutseka boneti. Kenako anaimba likhweru.

Hutala analowa, amalume pambali pake atafungatira njerwa. Pikapu inabwerera m'mbuyo kukatenga liwiro, inadutsa pamlatho, inadutsa kwa atelala, n'kuzimiririka pokhota paja. Teni anatsala akumvetsera mpaka kulira kwake kunatha.

Anabwerera, anakweranso, anabwerera, anakweranso. Amalume sankakhulupirira ulendo umodzi. Ulendo womaliza anachedwako, chifukwa amalume anamasula pulagi ali kumtundako, boneti itamutchinga Hutala kumaso.

Atatsika, Hutala anatuluka akudziongola.

"Iyi ndiye yako, ndaidziwa," anatero. "Ikukoka ngati ikupepesa. Uyambe kuphunzira kugwira chipeso, mlongo wanga, choyamba ndikugulira ndine. Ndipo chitsulo chakocho ndikawapatsa aja amagula zitsulo zakutha, akapangire mbaula."

"N'cha bambo chitsulo chimenecho," anatero Teni, mawu akutuluka m'mano.

"Bambo anapita. Amene akukudyetsa pano ndine."

Teni anayang'ana amalume kuti mwina nkhope yawo imuuza pamene njerwa yagwera. Nkhopeyo sinanene kanthu. Amalumewo anangokulunga pulagi yotentha m'kansalu n'kuika m'thumba.

"Manga inayo," anatero, n'kumukoka Hutala kubwerera kuseri kwa golosale.

5. Kachitini

Teni anatsala yekha ndi galimoto. Misozi inalengeza m'maso, ndipo zimenezi zinamupsetsanso mtima, chifukwa ankadana ndi kulira. Anamasula kabuleta yake mwaphuma, mpaka anapsa chala pa injini.

Anaona saluni ya azakhali m'maganizo mwake, ndi galasi lake lalikulu, ndi fungo la mankhwala a tsitsi. Anaona Hutala akudutsa panja ndi pikapu ya bambo, akuliza hutala dala kuti makasitomala aseke. Mkwiyo unamudzaza, mantha n'kuwonjezerapo, moti nzeru zinasowa pokhala.

Potenga sipanala m'bokosi, dzanja lake linakhudza kachitini kaja.

Anayang'ana kugolosale. Kunkangomveka mawu a Hutala akuuza mwini golosale za mphamvu za galimoto yake.

Sizinatenge nthawi. Ntchito yotere Teni ankaigwira ngakhale atatsinzina. Anatsegula kabuleta yonyezimira ija, anamasula jeti yake, anasankha ina m'kachitini, n'kuziunika zonse ziwiri padzuwa. Bowo la imene anasankhayo linali laling'ono moonekeratu.

Mawu a amalume onena za pisitoni yobooka anamubwerera. Iye anawayankha chamumtima: "Ndi chitunda chimodzi chokha. Tikafika kugalaja ndibwezeretsa."

Anamanga jeti yaying'onoyo, anatseka, n'kuika kabuletayo pa injini. Jeti yeniyeni ya Hutala anaiponya m'thumba la ovolosi, momwe munkakhala sipanala ya nambala teni. Analiza injini. Inalira bwinobwino, ngati palibe chachitika. Anatseka boneti n'kuimba likhweru, koma likhwerulo linatuluka lofooka, mpaka anachita kubwereza.

6. Njerwa Yachiwiri

Ulendo uno Teni sanafunike kuuzidwa ndi munthu. Pikapu itangodutsa pamlatho inayamba kutsamwa, inayetsemula kawiri, n'kuyamba kunjenjemera isanafike pokhota. Anaona ndi maso ake njerwa ikutuluka pawindo n'kugwera pakhomo pa atelala.

Anayesanso. Njerwa inagwera pomwepo. Anayesanso, chimodzimodzi, amalume n'kumasulanso pulagi, boneti itamutchinga Hutala kumaso. Atelala anatuluka ndi tepi m'khosi kudzafunsa ngati anthuwa abwera kudzawamangira khonde.

Atabwerera pamlatho, Hutala anatuluka akuomba m'manja.

"Ayi, ndinalakwitsa poyamba paja. Yoyamba ija ndiye inali yanga, inkangofunika kuzolowera. Ya uyu ndi iyi. Mwaimva ikuyetsemula, amalume? Galimoto ya chimfine."

"Watsimikiza?" anafunsa amalume.

"Ine galimoto ndimaimva m'phazi."

"Tsegula boneti."

Hutala anatsegula akumwetulira. Pa injini panali kabuleta yonyezimira, ya m'katoni. Anaima kukamwa kuli yasa. Chibadwire chake, hutala imeneyi inali isanakhalepo chete chonchi.

"Njerwa yoyamba ili pachipata cha sukulu," anatero amalume. "Yachiwiri ndi iyo ukuionayo. Ya Teni yapambana."

Koma sanamwetulire. Anatembenuka n'kumuyang'ana Teni nthawi yaitali.

"Wamanga bwinobwino iyi?"

"Eya, amalume."

"Palibe chimene wasintha?"

"Palibe, amalume."

Amalume anagwedeza mutu pang'ono. "Chabwino. Tiyeni kugalaja."

Atafika anapeza mwini minibasi ija akuzungulirazungulira pabwalo, atakwiya. Anati galimoto yake ikugogoda kutsogolo ikathamanga, ndipo sachoka mpaka amalume akamve okha pamsewu.

"Ndikubwera," amalume anauza ana awiriwo akukwera minibasi. "Magalasi anga ndinawaiwala pabenchi, mapulagi sindinawaone bwino. Pikapu isachoke pano."

Minibasi itangotuluka pageti, Hutala analowa m'pikapu n'kuiliza.

Teni anathamangira pawindo la pikapuyo. "Achimwene, dikirani ndichotse kaye imeneyo."

"Usaikhudzenso galimoto yanga."

"Amalume ati isachoke."

"Amalume ako amenewo. Chitunda chimodzi chindiuze chiyani ine? Ndili ndi simenti yokasiya kuphiri, kumene akumanga chipatala kuja. Ndikwera nayo yomweyi, itadzaza, ndidzakuuzeni pobwera kuti kabuleta ndi iti."

"Musapite, achimwene."

Hutala anatulutsa mutu pawindo, maso ali psu. "Chifukwa? Wawina kale, ukufunanso chiyani? Pali chifukwa china choti ndisapite? Nena."

Dzanja la Teni linali m'thumba, litafumbata kajeti kaja. Mawu ochepa okha akanakwanira. Koma akanati anene, ndiye kuti Hutala akanalengeza m'tauni monse kuti mlongo wake ndi wakuba, ndipo Lolemba iye akanakhala atagwira chipeso. Anayang'ana nkhope yonyoza ija, mkwiyo n'kubwereranso.

"Pitani," anatero.

Pikapu inatuluka pageti, n'kumusiyira fumbi.

7. Pulagi Yoyera

Teni anasesa galaja yonse, ngakhale inali yosesa kale. Anatsuka masipanala n'kuwandanda pakhoma. Anali atapambana, akhala pagalaja, adzalemba mayeso. Koma chisangalalo panalibe ngakhale pang'ono. Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu ankathamangira pageti, n'kupeza si imeneyo.

Amalume anachedwa. Atabwera anaima pabwalo n'kuyang'ana pamalo pamene panali pikapu.

"Ili kuti?"

"Achimwene atenga."

Anatsonya n'kulowa m'kati. Anavala magalasi, anatulutsa tinsalu tiwiri m'thumba, n'kumasula pabenchi. Anatenga pulagi yoyamba, anaiunika pawindo, n'kuiika pansi. Anatenga yachiwiri. Imeneyo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Teni, tabwera."

Teni anabwera n'kuima pambali pawo.

"Iyi ndi ya kabuleta yako. Ukuona chiyani?"

"Ili ngati tiyi wamkaka."

"Nanga iyi?"

"Yayera."

"Yayera bwanji?"

Amalume anaika pulagiyo pabenchi, pambali pa inzake.

"Ndikuuze chinthu chimene sunadziwe," anatero amalume. Sanakweze mawu, ndipo zimenezi zinali zoopsa kuposa kukalipa. "M'mawa muja, mmene ndimati ndikukaona msewu, ndinakwera chitunda chija ndekha. Matumba omwewo, kamzere komweko, giya yomweyo, ndi kabuleta ya mchimwene wakoyo momwe inachokera m'katoni. Ndinakwera kangapo. Nthawi zonse inkathera pampope. Sinayetsemulepo, ndipo pulagi yake inali yoderako. Masana ano kabuleta yomweyo yalephera kudutsa kwa atelala. Chitunda sichinasinthe. Mchenga sunasinthe. Chasintha n'chimodzi, ndipo amene anatsala yekha ndi galimoto ndi mmodzi."

Teni anapisa m'thumba, anatulutsa kajeti kaja, n'kukaika pabenchi pakati pa mapulagi awiriwo. Kanagubuduka pang'ono n'kuima.

Amalume anakayang'ana, kenako anavula magalasi.

"Ine ndinaimirira pamaso pa mchimwene wako n'kunena kuti mwanayu si wakuba. Ndinakufunsa pamlatho kawiri, iwe n'kundiyang'ana m'maso. Ukudziwa ntchito imeneyi kuti ndi yotani? Munthu amabwera pano, amakusiyira kiyi, n'kumapita. Sadziwa chimene wachita kunsi kwa boneti. Sangaone. Amangolowa, iye ndi mkazi wake ndi ana ake, n'kuponda moto. Chimene amagula pano si sipanala, masipanala ali m'sitolo. Amagula chikhulupiriro choti dzanja limene linalowa m'menemo silinalowe ndi mkwiyo. Makaniko wosadziwa ntchito ndingamuphunzitse. Makaniko waulesi ndingamukalipire. Koma wodziwa ntchito amene amalanga anthu kudzera m'injini, ameneyo ndi woopsa kuposa onse, ndipo pagalaja yanga sindimufuna."

"Amandinyoza, amalume," anatero Teni, misozi ikutsika tsopano. "Tsiku lililonse. Anataya ntchito yanga kudzala. Ndimaopa kuti ndigonja."

"Kugonja?" Amalume anamenya benchi, mapulagi n'kudumpha. "Sunandimve? Yake inathera pampope. Yako yafika pachipata cha sukulu. Unali utapambana kale, mwana iwe. Unapambana ndi manja ako, mwachilungamo, usanapise dzanja m'chitini changa."

Mawu amenewa anamupweteka Teni kuposa zonse zimene Hutala ananenapo chibadwire.

"Chabwino," anatero amalume akupuma mwamphamvu. "Akabwera tiichotsa. Wapita kuti, kunyumba?"

Teni anapukusa mutu.

"Kuti nanga?"

"Kukanyamula simenti. Akukasiya kuphiri, kuchipatala chija."

Nkhope ya amalume inasintha. "Kuphiri? Itadzaza? Ndipo iwe unali pano?"

"Ndinali pano."

"Unamuuza?"

"Ayi."

Amalume anatulutsa foni n'kuimba. Inaitana, ndipo onse awiri anaimva ikulira kuseri kwa chitseko, pamene Hutala anaisiya pa chaja m'mawa.

Amalume anatenga kiyi wa njinga yamoto pamsomali, anatola sikuludilaiva, kenako anatenga kajeti kaja pabenchi n'kukaika m'dzanja la Teni, n'kumufumbatitsa mwamphamvu.

"Aka ukamupatse wekha, ndipo ukamuuze ndi pakamwa pako. Ine sindikulankhulira. Ovolosiyo udzavula tikabwerako. Kwera."

Njinga inathamanga m'misewu ya m'tauni, Teni atagwira malaya a amalume ndi dzanja limodzi, linalo litafumbata kajeti mpaka kanamudinda m'chikhatho. Kumalo ogulitsa simenti anawauza kuti Hutala wapakira kalekale, ndipo wawonjezera matumba ena pamwamba kuti aonetse anthu mphamvu za galimoto yake.

Anadutsa nyumba zomaliza, msewu n'kuyamba kukwera. Atakhota koyamba, phiri lonse linaonekera patsogolo pawo. Amalume anachepetsa moto mwadzidzidzi. Teni anasuzumira paphewa pawo.

Chapakati pa phirilo, pamalo pamene panalibe nyumba kapena munda, utsi wotuwa unkakwera kuchokera pamsewu.